Ming'oma ya a Mwale ndi nkhalango ya pa foni

Lamulungu lapitali mkulu wina wa mumpingo mwathu, munthu wamoyo, wodya bwino, wa mano ake onse, anandipempha kuti ndikamupemphere malo kumanda. Sanapemphe monong'ona ayi. Anapempha akumwetulira, chala chili pa foni yanga, akuloza mtengo umene akufuna kuti uzimuchitira mthunzi pakhonde.

Mwiniwakeyo sankadziwa kuti akuloza manda. Ine ndinkadziwa. Ndipo ndinayankha kuti, "Ameni."

Musafulumire kutola miyala, abale anga. Imvani kaye mmene zinayendera, kenako amene sanakometsepo kwawo ndiye ayambe kuponya.

Mkuluyu ndi a Mwale. Timapemphera limodzi mu kaholo kena ku Brakpan, kamene pakati pa sabata anyamata amaphunziriramo nkhonya. Anabadwira ku Zimbabwe, pa komboni ya mgodi, ndipo phazi lawo silinapondepo dothi la Malawi. Bambo awo anachoka kumudzi ali mnyamata, wapansi, kukasaka ntchito ku migodi, n'kukalambira komweko. Pomwalira sanasiye ng'ombe, sanasiye nyumba. Anasiyira mwana wawo phiri.

Phiri lake la m'kamwa. Ankamusimbira mwanayo akaweruka ku mgodi, mpaka analiloweza ngati katekisimu.

Zinthu zitathina ku Zimbabwe, a Mwale anatsikira kuno ku Joni, phiri lawo lili m'mutu. Panopa amasamalira mafulati ena: kusesa, kutulutsa mabini, kumanga mpope wodontha, kuleretsa anthu okanganirana poimika galimoto. Malipiro ake si oti munthu n'kukaimira nawo umboni mu tchalitchi, koma ntchitoyo ili ndi kachipinda kuseri kwa magalaja, ndipo salipira lendi. Inu amene mumakhala kuno mukudziwa kuti munthu wa imvi akataya malo otere sawapezanso. M'mawa mwake pamakhala pataima kale anyamata ofuna makiyi omwewo.

Tsiku lina pocheza tinazindikira kuti mudzi wa bambo awo ndi mudzi wa kwathu ili pa phiri limodzi, m'mapiri a ku Dedza. Ife kumtunda, iwo kutsidya kwa kamtsinje. Dzina la mudziwo sinditchula, ndikufuna ndikadzapita adzandipatse madzi akumwa. Kuyambira tsiku limenelo a Mwale anaiwala dzina langa. Ndine "a kwathu" basi.

Ndiye Lamulungu titaweruka anandigwira pa mkono.

"A kwathu, tiyeni mukaone ana anga."

Ndinadabwa, chifukwa ana awo ali kutali, wina ku Kepi wina ku Bulawayo. Koma ndinatsatira. Kuseri kwa magalaja anavundukula chitenti chabuluu, ndipo pansi pake panali ming'oma ya njuchi yosanjikizana mpaka pa chifuwa. Anakhoma okha ndi matabwa a mapaleti otayidwa ku mafakitale: kuzula misomali, kuwongola, kupala thabwa, kukhomanso. Ntchito yake yaukhondo, moti ngakhale wokhoma chingalawa uja akanaima n'kufunsa kuti m'makonamu mwalumikiza bwanji.

"Ndayankhula kale ndi wa lole amapita ku Malawi uja," anatero. "Mwezi uno ukamatha ndikupereka notisi kwa mwini mafulati. Ndikupita kwathu. Ndikaweta njuchi pa phiri la bambo anga."

Kenako anayamba katekisimu uja, maso ali m'mwamba.

"Bambo ankati m'mawa chifunga chimatsika mpaka pakhomo, mbuzi uzimva kulira koma osaiona. Ankati masuku amagwa okha, ana n'kumaponda, nkhumba n'kumachita kusankha. Mvula ikagwa, bowa mmodzi wa utale amadzaza lichero. Mitengo ya mombo ikamaphuka masamba ofiira, phiri lonse limakhala ngati layaka, koma osanyeka. Pansi pa mtengo wa katope pali kasupe amene sanaphwepo chilengedwere dziko. Nanga uchi! Ankati uchi umachita kutsetsereka m'ming'alu ya miyala, anyani n'kumanyambita zala. Si choncho, a kwathu?"

Mukanakhala inu mukanati chiyani?

Chovuta n'chakuti bambo awo sananame. Mwina pa uchi wa m'miyala anathirako kamchere, koma zinazo ine ndinapeza mchira wake. Tili ana tinkachoka kusukulu n'kulowa m'thengo, pofika kunyumba mimba zili tii ndi masuku, nthudza, maula ndi mateme, milomo itasintha mtundu. Amayi ankalawirira kuphiri n'kubwera ndi bowa wa ndelema ndi wa chipindi, akukangana kuti anayamba kuona ndani. Ku chigwa kunali nsungwi zoti ukalowamo masana umayesa kwada. Pa miyala mbira zinkawothera dzuwa ngati madikoni odikira kuti msonkhano uyambe. Mapichesi a pakhomo ankachita maluwa m'nyengo ya fumbi, pamene china chilichonse chinali chotuwa. Mu Juni kuzizira kwake kunkalowa m'mafupa, moti nyengo yozizira ya kuno ena amalira nayo ife timangoti takumana ndi mnansi.

Anthu akenso ndi a mtundu wawo. Kwathu munthu sapita kwa mnzake kukamuuza uthenga ngati pakati pali chigwa. Amaima pa mwala n'kufuula. Za maliro, za mbuzi yolowa m'munda, za mwana wobadwa usiku, zonse zimawoloka chigwa pa mphepo. N'chifukwa chake ife a kumapiri sitidziwa kunong'ona. Mukamva munthu akuyankha foni mu takisi ya ku Springs ngati akuitana ng'ombe, musamunyoze, ndi wa kwathu. Ndipo amuna ake ankatsitsa matumba a kachewere kupita ku msewu pa njinga zopanda mabuleki, chidendene chili pa tayala, pakamwa pali pemphero. Ambiri anaphunzira kupemphera pa mtsetse umenewo, osati ku kalasi.

Zonsezo zinalipo. Koma nditapita kumudzi ulendo wathawu, phiri lija ndinalipeza lili ngati mutu wa mneneri wadazi uja. Sindinena mokweza, mukudziwa zimene zinawaonekera ana amene anamuseka. Mitengo ya masuku inapita m'matumba a makala. Mizere ya kachewere yakwera mpaka pamene pankakhala mbira. Katope anagwa, kasupe anamutsatira, ndipo amayi masiku ano amatsika kukatunga ku mjigo wa kusukulu, n'kukwera ndi ndowa pamutu mtunda umene madzi ankatsika okha. Anyani anasamuka osatsanzika. Njuchi ikafuna duwa kumeneko iyenera kunyamula kamba wa paulendo.

Zimenezi sindinawauze a Mwale. Ndinangoti, "Eee, bambo, kumapiri n'kumapiri."

"Kodi mulibe kachithunzi? Ndikufuna ndione pokhazika anawa."

Ndinamutumizira uthenga mng'ono wanga Yotamu, amene anatsala kumudzi. Ndinati, tajambula mitengo ya kwathu utumize msanga. Mumtima ndinkati chithunzi chinene chokha zimene pakamwa panga pakulephera. Pasanapite nthawi foni inalira, ndipo ine, wopanda nzeru, ndinaipereka kwa mkuluyo ndisanayang'ane.

A Mwale anakhala pa mng'oma umodzi. Anavula chipewa.

Ndinasuzumira. Mitengo italiitali, yobiriwira, yothithikana, mombo, muwanga, mkuyu waukulu pakati, zilambe zikulendewera. Nkhalango yeniyeni. Ndinaizindikira pomwepo ndi kanjira kolowera kumanzere, chifukwa kanjira kameneko ndinayendamo nditanyamula bokosi la malume anga.

"Ndi momwe ankanenera," anatero a Mwale chapansipansi. "Ndi momwemo ndithu. A kwathu, mukandipemphere pamenepa. Nyumba apa, pansi pa mkuyu. Ming'oma ndidzaindandalika uku. Kukuoneka kwabata, eti?"

"Kwabata kwambiri, bambo."

"Oyandikana nawo si a phokoso? Ine mawailesi a m'mafulati muno andikwana."

"Sindinamvepo kuti ayambana ndi munthu."

"Nanga akuba? Uchi umakopa."

"Wakuba safikako."

"Mulungu ndi wabwino."

"Ameni."

Mwaona? Palibe bodza limene ndinanena. Liwu lililonse likanaima pamaso pa akulu a mpingo. Koma njoka ija m'munda muja nayonso inkadziwa kusanja mawu.

Pobwerera ku Tsakane kumene ndimakhala, ndili mu takisi, ndinayamba kulingalira za matenda amene tili nawo ife machona. Mapiri athu amakula tikawasiya. Dziko la kuno ndi lafulati ngati thebulo. Chimene chimatukuka ndi milu ya mchenga wachikasu ya ku migodi, mapiri opanga anthu, amene mphepo ya mu Ogasiti ikawomba amabwera okha kudzalowa m'mbale. Munthu wobadwira m'mapiri akakhala zaka akuyang'ana milu imeneyi, mtima umayamba kuwonjezera pa phiri la kwawo, chaka chilichonse kamwala kamodzi.

Pitani ku Tembisa Lamulungu masana, pamene amuna akhala pa makireti kuseri kwa kagolosale kamene kuno amati spaza. Wa ku Mulanje akuti kwawo mitambo imapempha njira. Wa ku Zomba akuti ukaima pamwamba umaona mayiko atatu. Wa ku Ntchisi akuti m'nkhalango ya kwawo munalowa mlenje nthawi ya atsamunda, mpaka lero akufunafuna potulukira. Wa ku Nsanje, wosauka, alibe phiri, ndiye amangoonjezera kutentha. Palibe amene amati, kwathu kunali kokongola koma tinakumeta. Ndipo ana athu obadwira kuno amakhala pambali n'kumamva, n'kumasunga, monga anasungira a Mwale.

Kukometsa kwanu si tchimo lalikulu, mungatero. Inenso ndinkatero. Koma tsiku lina munthu amakhoma ming'oma chifukwa cha nkhani zathuzo.

Nditafika kunyumba ndinamuimbira Yotamu.

"Iwe, chithunzi chija wajambula kuti?"

"Achimwene, mwati mitengo."

"Ndati mitengo ya kuphiri."

"Kuphiri kuli mitengo? Munasiyako ingati? Kuno mitengo tili nayo malo amodzi basi, kumene agona agogo."

"Nanga kujambula kumanda si mlandu?"

"Sindinalowemo ine. Ndaimira pa chulu paja, kunja. Ndi pomwe timajambulira tonse, pamagwiranso netiweki. Kodi mukuyesa chithunzi chija anakutumizirani alamu anu pa Khirisimasi, atavala chitenje chatsopano, anaimira kuti?"

Chithunzi chimenecho ndinaonetsa anzanga onse kuntchito, Azulu ndi Asutu omwe, ndikuti taonani kwathu.

"Atsikana otumiza zithunzi kwa zibwenzi zawo za ku Joni amachita kudikirana," anapitiriza Yotamu. "Ukajambulira pakhomo pako kumbuyo kumaoneka fumbi lokhalokha, mwamuna angaganize kuti akutomera ku chipululu."

"Koma mitengo yonse ija munaitha bwanji, anthu inu?"

"Anthu ife? Inu a ku Joni mukamatumiza za nyumba mumati chiyani? Mumati njerwa zikhale zowotcha, osati zidina, anthu angatiseke. Njerwa zimapsa ndi chiyani, achimwene? Ndi makolasi?"

Mwana ameneyu ndinamuphunzitsa ndine kupalasa njinga.

Koma taganizani nane, abale. M'mudzi monse, pa phiri lonse, malo okhawo amene mitengo yatsala ndi a anthu amene anasiya kugwira nkhwangwa. Kumanda munthu satola ngakhale kankhuni kouma. Mayi amene alibe chophikira amadutsa pomwepo, nthambi yagwa yokha m'mbali mwa njira, iye n'kuyang'ana kumbali. Palibe mlonda, palibe waya, palibe chikwangwani. Pali mantha basi.

Ife okhulupirira tinalalikira, ndipo tinalalikira zoona, kuti akufa alibe mphamvu pa amoyo. Koma tinaiwala kulalikira mbali inayo, yoti phiri lili ndi Mwini wake, ndipo Mwiniyo ndi wamoyo. Munthu woyamba uja ataikidwa m'munda anapatsidwa ntchito ziwiri, kulima ndi kusunga. Ife tinamva yoyambayo, yachiwiriyo inatipeza titatuluka kale ndi makasu. Lero mtengo wa kumanda uli ndi chitetezo kuposa mtengo wa kuseri kwa tchalitchi, umene tinadula kuti tiwotchere njerwa za nyumba ya abusa. Kodi si zamanyazi kuti akufa akusunga bwino munda wa Mulungu kuposa ife oimba aleluya?

Zimenezo ndi za pa guwa. Ine vuto langa linali lapafupi: mwezi ukupita kumapeto, ndipo mkulu uja akunola cholembera.

Ndinawafotokozera amake Tadala, mayi a kunyumba, akusita yunifolomu yawo ya kuntchito. Ndinayamba ndi malemba, monga achitira mwamuna amene akudziwa kuti mlandu wake ndi wofooka.

"Mukukumbukira azondi aja anatumidwa kukaona dziko la malonjezano? Amene anabwera ndi mbiri yoipa, yofooketsa anthu, anathera m'chipululu. Amene analimbikitsa anthu ndi amene analowa. Ine sindikufuna kukhala wofooketsa mkulu uja."

Anaimika simbi.

"Bambo a Tadala, azondi abwinowo anabwera atanyamula chiyani?"

"Mphesa."

"Anakathyola kumanda?"

Anayambanso kusita, n'kupitiriza.

"Iwo aja ananena zimene anaona. Inu mwaona dazi, mukunena tsitsi. Mkulu uja akasiya kachipinda kaja, akafika kumudzi ndi mabokosi ake, ana akamulondolera pa chulu paja, adzabwerera kuti? Mudzamusunga inu muno? Agona pati, pamwamba pa filiji?"

"Koma mtima wake, mayi. Phiri limenelo ndi lokhalo anamusiyira bambo ake."

"Ndiye mukufuna akaliferetu ali komweko? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Pitani mukawauze akadali ndi makiyi m'thumba. Ndipo musakayambe ndi vesi."

Akazi ena Mulungu anawapatsa utumiki wodula ulaliki pakati.

Lachinayi nditaweruka ndinakwera takisi ya ku Brakpan. Njira yonse ndinkakonza mawu, ndikuwagubuduza m'kamwa ngati mwala wa m'nyemba. Ndinawapeza a Mwale kuseri kwa magalaja, akupaka phula m'kati mwa mng'oma kuti njuchi zidzakopeke. Chithunzi chija ndinali nditawatumizira, ndipo anali atachisindikiza kale ku shopu, n'kuchikhoma pa chitseko cha kachipinda kawo.

"A kwathu! Mwabwera ndi yankho la malo?"

"Bambo, notisi ija mwapereka?"

"Ayi, ndikudikira mwezi uthe bwino. Bwanji, nkhope ili ngati mwameza mandimu?"

Ndinakhala pa kireti. Mawu onse ndinakonza mu takisi aja anathawa.

"Bambo, pamene munaloza paja ndi kumanda."

Anasiya kupaka.

"Mitengo ija ndi ya kumanda a midzi yathu iwiri. Kwina konse kulibe. Phiri linametedwa. Masuku kulibe, kasupe anaphwa, njuchi sizingapeze chodya. Ndinayenera kukuuzani Lamulungu lomwe lija, koma ndinachita mantha ndi chimwemwe chanu."

Anayang'ana chithunzi cha pa chitseko nthawi yaitali. M'fulati ina mwana ankalira, kwina wina ankakazinga anyezi. Ine ndinkayembekeza misozi, kapena mng'oma pamutu panga, ndipo zonse ziwiri ndikanazilandira.

"Ndiye munati oyandikana nawo alibe phokoso," anatero.

"Ndinatero."

"Ndipo wakuba safikako."

"Ndinatero, bambo."

Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinayesa akulira. Ayi ndithu, ankaseka, kuseka kopanda mawu, mpaka anagwira khoma.

"Eish, a kwathu! Inu mukanakhala wogulitsa nyumba bwenzi muli ndi galimoto. Ndiye ndikanafika ndi katundu wanga pa lole, n'kuuza anthu kuti nditsitsireni apa, ndabwera kudzakhala!"

"Akanakuuzani kuti mwafulumira."

Anapukuta m'maso ndi chipewa. Kenako anafunsa mwa mtundu wina, mawu atatsika.

"Amayi awo a bambo anga ali m'menemo?"

"Ngati anamwalirira kumudzi, ali m'menemo. Onse a tsidya lija timaika pamodzi."

"Bambo ankawatchula kwambiri. Sanawalire, uthenga unafika patapita chaka." Anagwira ngodya ya chithunzicho, pamene panayamba kumatuka, n'kukanikiza ndi chala. "Ndiye ichi chikhale pomwepa. Koma muimbireni mng'ono wanuyo. Akwere pa chulu pakepo, atembenuke. Ndikufuna ndione kumene wakhala akulozetsa nkhongo."

Mwamwayi Yotamu anali pafupi ndi chulucho. Tinamuimbira pa vidiyo, nkhope yake inabwera ikudukaduka, kenako inakhazikika.

"Wawa agogo," anatero, ulemu umene ine sandipatsa.

"Wawa mdzukulu. Tatembenuka, tione phiri."

Foni inazungulira. Mitengo inatha mwadzidzidzi ngati nsalu yodulidwa ndi lumo, ndipo panabwera phiri: lotuwa, lamizeremizere, ngalande zofiira zitaling'amba kuchokera pamwamba, apo ndi apo kabulugama kowonda. Kumunsi nyumba za malata zikunyezimira, zambiri za izo zosatha, mawindo otseka ndi njerwa, eni ake ali kuno akulondera mageti a anthu. Pamwamba penipeni, thanthwe lalikulu lokhala ngati munthu wogwada.

A Mwale anayandikitsa foni kumaso.

"Mwala uwo! Bambo ankati pali mwala wogwada. Ndi umenewo?"

"Ndi womwewo, agogo."

"Ndiye phiri ndi lomweli." Anapumira m'mwamba. "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Chabwino, mitengo munadya. Koma miyala ilipo, eti? Miyala simungaithe."

Yotamu anakanda kumutu.

"Agogo, kunena zoona, tayamba. Timaphwanya n'kumagulitsa pa wilibala. A ku Joni akufuna maziko a konkire masiku ano."

Ndinatseka maso. Ndinati mwana uyu ndikadzapita ndidzamumanga pa mkuyu womwe uja.

Koma a Mwale anangogwedeza mutu, ngati munthu amene wamva nthawi yonyamukira basi.

"A kwathu, notisi sindipereka. Kachipinda kanga ndikasunga, ming'omayi ndigulitsa kwa alimi a ku Nigel, kumeneko maluwa aliko. Koma mu Disembala ndikupempha tchuthi, ndipo inu mundiperekeza. Ndifulumire ndikalione phiri la bambo anga asanalimalize."

Kenako anabwezera foni kumaso. "Iwe mdzukulu, mwala wogwadawo muusiye mpaka ndifike. Wamva?"

"Ndiyesetsa, agogo. Koma pali a ku Joni ena akufuna khonde."

Ndinabwerera ku Tsakane mtima utapepuka, koma osati kwambiri. Mkulu uja ntchito yake yapulumuka, ndipo ndikuthokoza Mulungu amene amagwiritsa ntchito ngakhale simbi ya amake Tadala. Koma mu Disembala ndidzaima naye pa chulu paja, ndipo adzandifunsa nyumba iliyonse ya malata kuti mwini wake ndani. Ndidzatchula mayina. Ambiri a inu ndimakudziwani, timakhala benchi imodzi.

Ndiye musanatumize uthenga wina kumudzi woti awotche uvuni wina, tafunsani kaye amene akulandirayo kuti nkhuni zake akazitenga kuti. Pakuti pa phiri lija patsala nkhalango imodzi yokha, ndipo tonsefe, ndi mabokosi athu ochokera ku Joni, tikuyembekeza kukagona pa mthunzi wake. Tsiku limene mantha adzathe, nkhwangwa n'kulowa m'menemo, inu ndi ine adzatiika pa dzuwa la mtundu wanji?